Tsiku Lofukula Evanthia

"Ndati sitifukula!" Lambros, mwamuna wanga, anamenya tebulo mpaka supuni inadumphira pansi. "Mlongo ndi wanga. Ndikathirapo simenti pamanda pajapo, nkhani ithere pomwepo."

"Simenti?" ndinatero. "Iwe Lambros, unamvapo kuti mkhristu wa m'mudzi muno wathiridwa simenti ngati ngalande? Bambo ako tinawafukula, agogo ako tinawafukula, tinawatsuka ndi vinyo n'kuwaika m'kanyumba ka mafupa pamodzi ndi anzawo. Zaka zisanu za Evanthia m'manda zikukwana pakatha masabata atatu, ndipo wansembe wathu, abambo Anestis, alengeza kale m'tchalitchi. Iye yekhayo analakwa chiyani?"

"Chimene analakwa ukuchidziwa."

Apongozi anga, amayi Polikseni, anali pawindo akusankha mphodza. Sanadzutse mutu.

"Mtengwa, tsitsa mawu, anthu akudutsa pamsewu," anatero. "Thupi la wochimwa nthaka imalikana, iwenso ukudziwa. Tikakafukula n'kupeza sanaole, tsitsi lilipo, khungu lilipo, amayi a mudzi wonse ali chilili kuyang'ana, nkhope yangayi ndikaiika pati? Adzakodolana, adzati onani, ndi zija ankachita ndi namwino uja."

"Nanga tikapanda kufukula sanena? Amayi, pakamwa pa anthu sathirapo simenti."

"Tamumveni mlaliki wathu," Lambros anaseka chiseko chouma. "Kupukuta zoikapo makandulo kwakusandutsa bishopu. Ingomera ndevu, Argiro, akupatse mkanjo."

"Ndibwereke zakozo, poti mwini wake zikungomulemera."

Maso ake anathawira ku chitseko cha kachipinda ka kuseri, komwe tsopano tinkasungirako migolo ya mafuta a azitona. Amayi nawonso anayang'ana komweko. Inenso. Kenaka tonse atatu tinayang'ana kumbali, ngati anthu amene aona maliseche a mkulu.

Evanthia, mlamu wanga, anafera m'kachipindako ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anali telala wa mudzi wathu, ndipo kwa zaka khumi ndi zitatu iye ndi Kira Zinovia (Kira ndi mawu aulemu oitanira mayi kwathu kuno), namwino wa pachipatala chathu chaching'ono, ankakondana monga amakondanira mwamuna ndi mkazi wake. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mudzi wonse unkachita ngati sukudziwa, malinga Evanthia azibwera kudzagona kwawo. Anthu tinawauza kuti mtima wake unaima.

Patapita masiku awiri Lambros anabwera kuchokera kwa wansembe nkhope ili gwa.

"Akana," anatero. "Akuti manda athu ndi aang'ono, kwina konse ndi thanthwe, ndipo mkulu Thimios akudwala mwakayakaya, sakhalitsa, malo akufunika. Akutinso ndikabwera ndi thumba la simenti alithira pamutu panga."

Amayi anapotokola nsonga ya duku lawo lakuda.

"Chabwino, tifukula," anatero pomaliza. "Koma mtengwa, mvetsera. M'dzenjemo ulowamo ndiwe, poti ndiwe mkazi wa pakhomo pano. Ukachipeza chigaza, usachitukule chili chosaphimba. Uchikulunge ndi duku loyera uli pansi pomwepo, usiye chipumi chokha choti anthu apsompsone. Ndiye undipatse ine. Osati azakhali ake, osati wansembe. Ine."

"Mwambo wake si umenewo, amayi. Duku amamanga ndi mayi wake, pamaso pa anthu, chigaza chitatsukidwa."

"Mwambo undiphunzitse iwe? Ndafukula anthu khumi ndi awiri ndi manja angawa, iwe usanamere n'komwe mano. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Sankha lako: kapena ndiwe wa pakhomo pano, kapena ndiwe wa kwa mfiti ija."

Lachitatu la sabata yachiwiri ndinali ndekha m'tchalitchi masana, ndikukanda phula pa zoikapo makandulo n'kumang'ung'udza nyimbo ya kwa Amayi Oyera a Ambuye, pamene chitseko chinalira. Anali Kira Zinovia. Anali atapuma ntchito, tsitsi layera mbuu, atalimeta lalifupi ngati la msilikali. Kumanda ankapitako masana okhaokha, nthawi imene amayi ena ali pamoto, chifukwa madzulo ankamufulatira. Anapsompsona chithunzi cha Ambuye, anayatsa kandulo imodzi, n'kubwera kudzakhala pafupi nane.

"Usachite mantha, Argiro, sindiluma. Mano atsala asanu ndi awiri, ndipo akusungidwira mkate."

"Sindikuopa, Kira Zinovia."

"Ukunama m'nyumba ya Mulungu, mpeniwo ukunjenjemera." Anatulutsa kabuku kokutha m'thumba la jasi lake n'kukaika pa bondo. "Ukuwadziwa mabuku awa? Ndinkawagula ku mzinda wa Volos, Evanthia n'kumandiwerengera akusoka. Nkhani za kupha anthu. Wofufuza sakhala wapolisi ayi, amakhala mkazi wamba, wogulitsa maluwa kapena mphunzitsi, wonga ife, amene ali ndi mkazi mnzake kunyumba womudikira ndi chakudya. Tinkaseka kuti kunja kuno kuli maiko kumene anthu onga ife amaloledwa kukhala anzeru. Evanthia ankamudziwa wakupha buku lisanafike pakati. Ine ndinali mbuli, ndinkaloza aliyense. Tsopano wanzeruyo ndiye ali pansi, mbuli yatsala ndi ntchito."

"Mtima wake unaima," ndinatero, maso ali pa phula.

"Mtima umenewo ndinaumvera zaka khumi ndi zitatu, ndi chida cha kuchipatala, komanso popanda chida. Unali ngati wa bulu." Anasisita chikuto cha kabuku kaja. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, Argiro. Ndadekha zaka zisanu. Tandiuza, ndi maliro angati m'mudzi muno amene bokosi analikhomera lisanatuluke m'nyumba? Ife timanyamula akufa athu nkhope ili poyera mpaka kumanda, aliyense awapsompsone. La Evanthia munalitseka. Munati nkhope inatupa. Ndinavomera, zimachitika. Koma sabata yomweyo apongozi ako anapaka laimu pa masitepe a kuseri. Laimu timapaka Pasaka ikayandikira. Ndani amapaka laimu mu Novembala, mvula ikugwa, azitona akuthothoka m'munda, m'nyumba muli maliro?"

Ndinapitiriza kukanda phula.

"Dokotala wolemba chikalata cha imfa anali msuweni wa apongozi ako, ndipo anatisiya chaka chatha, Mulungu amukhululukire. Asanafe ndinamusamalira ine, ndinkamutembenuza pabedi. Anandiuza kuti anangoima pakhomo, thupi sanalikhudze. Zonsezo ndi zazing'ono. Chachikulu ndi ichi. Tinapangana kuchoka Lachinayi m'mawa, tikakhale ku Volos, m'nyumba imodzi, monga anthu. Ndinadikira pamalo okwerera basi ndi zikwama zanga. Basi inabwera, inapita. Ndinafika pakhomo panu, Lambros anandiuza kuti mlongo wake wasintha maganizo, sakufuna kundionanso. Ndinakhulupirira, Argiro! Ndinabwerera kunyumba ndikumutukwana mumtima. Belu la maliro linalira Lachisanu dzuwa litapendeka." Anandigwira dzanja, ndipo lake linali lozizira. "Kuyambira Lachinayi m'mawa kufikira Lachisanu masana, Evanthia anali kuti?"

"Kira Zinovia, ndili ndi banja."

"Inenso ndinali nalo." Anaimirira, n'kubweza kabuku m'thumba. "Sindikufuna kukugwetsera denga. Koma mlandu suola. Loweruka lofukulalo ndidzaima kuseri kwa mpanda wa manda, monga ndinaimira pamaliro. Sindidzalowa popanda kuitanidwa."

Atatuluka ndinagwada pamiyala yozizira, koma pemphero linakana kutuluka. Yankho la funso lake ndinali nalo. Lachinayi lija ndinabwera kuchokera kumunda nthawi ya nkhomaliro, ndinapeza Evanthia atagonekedwa m'kachipinda ka kuseri, mutu atamumanga ndi nsalu ya patebulo. A m'nyumbamo anandiuza kuti waterereka pa masitepe. Ndinati tiitane namwino, nyumba yake ili apa pomwepa, kuseri kwa kasupe. Amayi anati phazi la mkazi ameneyo silidzaponda m'nyumba mwawo. Lambros anati tidikire, adzuka. Ine ndinali mtengwa womvera. Ndinamunyowetsa milomo ndi thonje, ndinamuimbira nyimbo za m'tchalitchi, ndipo nthawi yonseyo iye ankatchula dzina limodzi, motsitsa, mobwerezabwereza, ngati madzi odontha padenga. Ankaitana Zinovia. Ine ndinkakweza nyimbo kuti a nyumba yoyandikana nafe asamve.

Chiyambire tsiku limenelo mawuwo sanachoke m'nyumba mwathu. Ndinkawamva masana, pamene mudzi uli zii, ndikalowa kukatunga mafuta. Ndinafukiza lubani, ndinawaza madzi odalitsidwa m'ngodya zonse, koma magazi osalakwa ali ndi pakamwa, ndipo lubani sawatseka. Za tchimo la awiriwo ndinkasiyira Mwini kuweruza, amene amaona mumtima. Langa ndinkalidziwa ndekha: munthu anali ndi ludzu la nkhope imodzi, ine ndinamupatsa thonje.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndani anamugwetsa. Zaka zisanu ndinagona pambali pa Lambros ndikuganiza kuti ndi iyeyo.

Ndinamufunsa sabata yomaliza, tili m'munda tikuyala maukonde pansi pa mitengo ya azitona.

"Lambros, unamukankha ndiwe?"

Ndodo yogwetsera zipatso inaima m'mwamba.

"Zaka zisanu," anatero pang'onopang'ono, "umandiphikira, umandichapira, ukundiyesa wakupha mlongo wanga?"

"Nanga ndiganize chiyani? Ndiwe unathamangitsa namwino pakhomo. Ndiwe unakhomera bokosi."

"Anaterereka."

"Woterereka sitibisa chigaza chake m'duku."

"Mkazi iwe, chibale n'fupa, sichiola. Iwe ndiwe wobwera, sungamvetse. Chita zimene amayi akuuza, mafupa alowe m'bokosi lawo, tipume. Evanthia sadzuka chifukwa choti iwe watsegula pakamwa."

"Sadzuka, komanso sagona. Iwe sumumva m'kachipinda muja?"

Anayang'ana pansi.

"Ukuyesa n'chifukwa chiyani mafuta ndimatuma iwe?" anatero. Kenaka anamenya nthambi mwamphamvu kotero kuti masamba anagwa ambiri kuposa zipatso.

Loweruka kunacha ndi nkhungu. Amayi oposa makumi atatu anasonkhana kumanda, onse m'zakuda, ena atanyamula madengu a tirigu wophika wothira makangaza, wogawa pambuyo pa mwambo. Ambiri sanabwere kudzalira. Anabwera kudzaona ngati nthaka yamulandira Evanthia kapena yamulavula. Amuna awiri anachotsa mwala wa pamwamba n'kukumba mpaka fosholo inagunda matabwa ofumbwa, ndipo anatuluka. Lambros anaima patali pafupi ndi mtengo wa mkungudza. Kuseri kwa mpanda, mutu woyera wa Kira Zinovia unkaoneka ndi kubisika mu nkhungu.

Ndinadzilemba chizindikiro cha mtanda, ndinatsikira m'dzenje ndi kakhasu, duku loyera lili m'thumba la epuloni. Pamwamba panga azakhali a Evanthia anayamba nyimbo ya maliro, yomufunsa wakufa ngati kumene anapitako kuli zenera. Ndinapalasa dothi ndi manja. Ndinapeza fupa la mwendo, ndinalipereka. Kenaka nthiti, imodziimodzi. Zinali zoyera bwino, zachikasu pang'ono ngati phula la njuchi, popanda kanyama kotsalira ngakhale kamodzi.

Nyimbo inadukiza. Ndinamva manong'onong'o akuyenda pakati pa amayiwo.

"Taonani kuyera kwake!"

"Kuposa a malemu amuna anga, amene sankaphonya tchalitchi."

"Amuna akowo ankaba madzi a m'munda mwanga, Kira Marigo, usadabwe."

"Nthaka yamulandira," anatero abambo Anestis ndi mawu okweza, kuti onse amve. "Alemekezeke Mulungu, amene chifundo chake n'chachikulu kuposa malilime athu."

Ndinafika kumutu. Ndinachotsa dothi mozungulira, ndinalowetsa manja pansi pa chigaza n'kuchinyamula monga unyamulira mwana wakhanda. Chala changa chapakati chinalowa m'bowo kuseri kwa khutu lamanzere. Silinali mng'alu wautali wonga wa munthu wogwa. Linali bowo laling'ono, lakuya, lokhala ndi ngodya.

"Duku, mtengwa," amayi Polikseni ananong'oneza. Anali atagwada m'mphepete mwa dzenje, manja atatambasula. "Kulunga. Fulumira."

Ndinayang'ana m'maenje a maso a mlamu wanga. Evanthia ndiye anandisokera diresi la ukwati. Tsiku limene ndinalowa m'banjamo ndikulira, ndiye anandiuza kuti apongozi amaluma chaka choyamba chokha. Ndinamva ngati akundifunsa ngati ndiimbanso nyimbo.

Ndinaimirira m'dzenjemo, chigaza chili poyera pachifuwa panga.

"Kira Zinovia!" ndinafuula. Mawu anga anandidabwitsa ndekha. "Lowani. Mwaitanidwa."

"Mtengwa! Wapenga?"

"Mwina, amayi. Koma sindikulunga."

Amayi ovala zakuda aja anapatuka okha, ngati madzi. Kira Zinovia analowa pa chipata akuyenda mowongoka, sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Anagwada, ndipo ndinaika chigaza m'manja mwake. Anachigwira kanthawi osachita kanthu. Kenaka namwino wa mwa iye anadzuka. Anachitembenuza, anapukuta dothi ndi chala chachikulu, anayang'anitsitsa.

"Masitepe sabowola chonchi," anatero, mawu ali phee. "Ichi ndi chitsulo chokhala ndi nsonga. Abambo Anestis, onani, mudzakhale mboni. Inunso Kira Marigo, maso anu saphonya kanthu, lero agwire ntchito." Anadzutsa mutu n'kuyang'ana ku mtengo wa mkungudza. "Lambros, bwera udzapsompsone mlongo wako. Bwera, uli ndi mantha anji?"

Lambros anayamba kuyenda, nkhope ili ngati phulusa.

"Ndine," anatero. "Lembani kuti ndine. Ndikapita ndekha kupolisi."

"Khala chete, chitsiru!" Amayi Polikseni anakhala pansi pa dothi lonyowa la mwana wawo. "Uyu anali kumunda wina, wakutali uja. Sangaphe ngakhale nkhuku, amandipatsa ine. Musiyeni mwana wanga, ndatsala ndi mmodzi." Anavula duku lakuda, chinthu chimene sindinachionepo, tsitsi lawo lochepa linagwera kumaso. "Ndinali kusonkheza moto wa uvuni. Ndinamuona akutsika masitepe ndi chikwama, atavala jasi la Lamulungu. Ndinati, ukatsika sitepe ina ndakutemberera. Anati, amayi, ndakutumikirani zaka makumi anayi, ndiloleni zotsalazi ndikhale munthu. Anatsika. Chitsulo cha moto chinali m'manja mwanga. Kamodzi kokha. Ndinkafuna atembenuke, andiyang'ane. Kamodzi kokha, anthu inu!"

Nkhungu inkayenda pakati pa mitanda. Azakhali aja anadziphimba kumaso ndi epuloni.

Ndinkayembekeza kuti Kira Zinovia akalipa, kapena atemberera. Sanawayang'ane n'komwe amayiwo. Anayang'ana ine, ndili chiimire m'dzenje, dothi mpaka m'zigongono.

"Bala lotere silipha nthawi yomweyo," anatero. "Ndaona anthu atatu ovulala chonchi. Awiri tinathamangira nawo ku chipatala cha ku Volos, alipo mpaka lero. Argiro, funso langa lija."

"Anali m'kachipinda ka kuseri," ndinatero. "Anakhala moyo mpaka Lachisanu masana."

"Pamene ndinagogoda pakhomo paja?"

"Anali moyo. Khoma limodzi lokha pakati panu."

Anatseka maso.

"Ankalankhula?"

"Dzina limodzi, Kira Zinovia. Tsiku lonse ndi theka. Ine ndinkaimba kuti lisamveke. Mulungu andichitire chifundo, inu ngati simungathe musandikhululukire."

Abambo Anestis anali ataima ndi botolo la vinyo ndi beseni. Mwa mwambo, vinyo amaperekedwa kwa mayi wa wakufa. Anayang'ana amayi Polikseni ali pansi, Lambros atawagwira mapewa.

"Za kupolisi tikamba tikatuluka pa chipata, ndipo tipita tonse, palibe wothawa," anatero. "Koma mwana wa Mulungu uyu wadikira mokwanira kuti asambitsidwe. Ine ndine wokalamba, zambiri sindizimvetsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti wodwala akaitana, woitanidwayo ndiye amapita."

Anaika beseni patsogolo pa Kira Zinovia n'kumupatsa botolo.

Manja ake, amene anabaya jakisoni mudzi wonse osanjenjemera, analephera kutsegula chivindikiro. Ndinatuluka m'dzenje, ndinamutsegulira, ndinathira vinyo pang'onopang'ono iye akutsuka. Anayamba ndi chipumi, kenaka masaya, kenaka kuseri kwa khutu, mosamala, ngati bala likadali lopweteka. Atamaliza anaweramitsa mutu wake woyera mpaka chipumi chake chinakhudza cha Evanthia.

"Ndamva, wokondedwa," anatero. "Leka kuitana. Ndabwera."